Khosi la Namafunso ndi Galasi la ku Jimu

Tsiku limene anachoka kuchipatala, Namafunso sankatha kucheuka. Munthu akamuitana kumbuyo, ankatembenuka thupi lonse ngati kabati. Khosi linali gwa, ndipo dzanja lamanja linkachita dzanzi mpaka kuzala.

Malume ake, amene anamulera makolo ake atamwalira, sanazungulire. "Mphwanga, wamva zimene anena adokotala. Upume kaye. Ukadzabwerera ku zitsulo zakozo khosi n'kuyambiranso, basi, uzisiye mpaka kalekale."

Inu amene simunakondepo chinthu munganene kuti nkhani yake njochepa. Koma mtsikanayu mayeso anamukana kawiri, ndipo ntchito imene anapeza inali yosenza matumba a simenti m'sitolo ya zipangizo zomangira. Kuseri kwa galaja ina kunali kajimu, zitsulo zake magiya akale a malole ndi zitini za penti zothiramo simenti. Kumeneko ndi kumene anamva koyamba munthu akumuuza kuti, "Wakhoza!" Kumuletsa kunyamula zitsulo kunali kumulanda mawu amenewo, ndipo analira zenizeni.

Koma dzina lakelo sanamupatse pachabe. Misozi isanaume, funso linali litamera kale: chitsulo chimanyamulidwa ndi miyendo, msana ndi manja, nanga khosi likulirira maliro a ndani?

Anabwerera kwa adokotala kukafunsa. Iwo anati khosi ndi msana ndi mzere umodzi, ndipo munthu akalipinda thupi litalemedwa, limadandaula.

"Komatu ine sindipinda khosi," anatero Namafunso, ali ndi chikhulupiriro chonse.

Anayamba kusaka wolakwa. Anasintha pilo. Anapempha abwana ake kuti azipima misomali m'malo mosenza simenti. Ngakhale foni anaikayikira. Khosi linapola ndithu, koma mtima sunakhazikike, chifukwa chimene chinalipweteka chinali chisanapezeke.

Choncho anayamba kupita ku jimu kukangoonerera, atakhala pa tayala lakutha. Anyamata ankamuseka kuti wasanduka woyang'anira wopanda malipiro. Iye maso ali tcheru. Anaona kuti amuna aataliatali akawerama kugwira chitsulo, mutu ndi msana zinkakhala pafupifupi mzere umodzi. Kenaka panabwera kondakitala wina wamfupi ngati iye. Atawerama, anagadamitsa mutu ngati nkhuku ikumwa madzi, n'kukoka chitsulo mano atalumana. Atatula, dzanja linathamangira kuseri kwa khosi.

"Achimwene, kumwambako mumayang'anako chiyani?" anafunsa Namafunso.

"Ndimadziyang'ana pagalasi. Umafuna ndiziyang'ana iweyo?"

Galasilo linali chitseko cha kabati yakale. Kochi, mwini jimu, bambo wamtali kwabasi, analikhomera m'mwamba poopa kuti zitsulo zingaliswe. Ndipo lamulo lake aliyense ankaliloweza: "Dziyang'ane pagalasi, uone ngati msana wawongoka!"

Namafunso anatola ndodo ya tsache, naima pamalo pake pa masiku onse. Anawerama, n'kuyamba kufunafuna nkhope yake pagalasi. Pomwe anaipeza, kuseri kwa khosi kunakoka pamalo pomwe paja. Anaseka yekha mpaka anyamata anaganiza kuti mutu wasokonekera.

"Galasi lingapweteke munthu lisanasweke?" anatsutsa Kochi atamva nkhaniyo.

"Kochi, inu ndinu aatali. Taweramani muyang'ane msomali uli pafupi ndi dengawo. Ife aafupi galasi lanu timalionera pamenepo."

Kochi anawerama, nayang'ana msomali, nakoka chitsulo pang'ono chabe. Anachisiya msanga, akusisita khosi. "Aa, koma iwe! Ndiye ndakhala ndikukuphani ndi chikondi."

Kudziwa vuto sikunali kumaliza. Namafunso anayambiranso pansi penipeni, ndi ndodo ya tsache ija, pamene anzake ankanyamula magiya. Anaika chitsekerero cha botolo pansi, chapatsogolo pake, kuti maso azikhala pamenepo akawerama, chibwano chitabwerera mkati pang'ono. Mutu unkadzuka pokhapokha chifuwa chikadzuka. Woona msana tsopano anali Kochi, ataima chammbali. Chizolowezi chimavuta, abale. Kangapo konse mutu unkathawira kumwamba wokha, ndipo iye ankatula chitsulo n'kuyambiranso.

Patapita miyezi, kunachitika mpikisano m'holo ina. Malume anabwera nkhope ili yolimba, nakakhala pa benchi la pamwamba penipeni. Namafunso atawerama kugwira chitsulo cholemera kuposa chilichonse chimene anayesapo, anamva mawu ochokera kumwambako: "Mphwanga, limba!"

Mtima wonse unafuna kudzutsa mutu kuti awaone. Ndani safuna kuona nkhope ya womulera ikumunyadira? Koma maso anakakamira pansi, pa kadontho ka penti kamene anasankha m'malo mwa chitsekerero chija. Chitsulo chinanyamuka, chinadutsa mawondo, ndipo iye anaima chilili. Anakhala wachiwiri, holo yonse ili m'manja phuphuphu.

M'mawa mwake malume anafuna kuliyesa khosi lija. Namafunso akutsuka makapu, iwo anamuzembera kumbuyo mwakachetechete, n'kuitana mwadzidzidzi: "Mphwanga!"

Mtsikana anacheuka ndi khosi lokha, manja ali m'madzi. "Wawa, malume?"

Maso a malume analengeza misozi. "Palibe. Fulumira, ungachedwe ku zitsulo zako."

Lero galasi lija linatsitsidwa, ndipo amene amaphunzitsa obwera kumene ndi Namafunso. Wodandaula dzanzi kapena ululu wosatha amamutumiza kuchipatala asanagwire chitsulo.

Inunso mwina pali chimene chakugwetsani, ndipo mwayamba kukhulupirira kuti simunabadwire zimenezo. Musathamangire kudziweruza. Khalani kaye pa tayala, muyang'anitsitse, mufunse ngakhale akusekeni. Mwina vuto si mphamvu zanu, koma pamene mwaika maso. Mtima wanuwo musautaye, weramaninso mugwire chitsulo.