Jakisoni Amene Mayi Aziza Anakana Kugawa

Pa doko la Ngala palibe amene sanadyepo za Mayi Aziza. Ine Flossie ndayanika nawo usipa pa thandala limodzi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndawakalipira mpaka kutopa. Munthu akangodutsa n'kuyamikira usipa, iwo amutapira kale wodzaza manja awiri. Mchere, beseni, panado, chitenje chopitira kumaliro, zonse anthu amakatenga kwawo.

Matenda a shuga anawapeza nawo zaka zisanu zapitazo. Mapiritsi ankamwa mosadumphitsa, koma chaka chatha anayamba kuwonda, ludzu losatha, m'maso muli chifunga. Kuchipatala ku Boma anawauza kuti mapiritsi okha sakukwaniranso, ayambe kudzibaya insulini. Ndinawaperekeza ndine. Namwino akuwaonetsa kutsina khungu la pamimba, wotsinzina ndinali ine, mayi wamkulu ndithu. Eni ake anangoti "Bismillah," kasingano n'kulowa. Namwinoyo anawachenjeza kuti mlingowo ndi wawo okha, akabaya azidya, ndipo munthu wosayezedwa mankhwalawo atha kumukomola ngakhale kumupha. Poti alibe firiji, kabotolo ka mankhwalawo amakasunga mumphika wadothi wa mchenga wonyowa, kuseri kwa chitseko.

Pakutha pa miyezi iwiri thupi linabwerera, dengu akusenzanso okha. Vuto linayambira pomwepo. Kwathu kuno jakisoni timamukhulupirira kuposa piritsi, ndipo mankhwala timapemphana ngati moto.

Woyamba kupempha anali mlongo wawo wamkulu, a Hamidu, amene anawalera makolo atamwalira. A Hamidu omwewo anali nkhoswe ya ukwati wa Nasra, mwana wa Mayi Aziza, ndipo kunali kutatsala milungu itatu kuti ukwatiwo uchitike. Anatipeza m'mawa tikutembenuza usipa.

"Iwe Aziza, thupi langali lafooka," anatero. "Nanenso madzi ndikumwa ngati ng'ombe. Tandibayako kamodzi."

"Achimwene, ameneyu sagawana. Tiyeni ku Boma akakuyezeni, ndikuperekezani ndine."

"Za mizere ya kuchipatala ine ayi. Kadontho chabe!"

"Ayi, achimwene."

Ine mpaka ndinasiya usipa n'kuwayang'ana. Mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo m'kamwa mwawo.

"Ndakulera ine, lero ukundimana mankhwala?" a Hamidu anakalipa. "Nkhoswe ukafune kwina."

Atachoka, ndinalankhula zopusa, sindingabise. Ndinati, "Abayeni pang'ono pokha, ukwati wa mwana ungasokonekere."

Anandiyang'ana diso limene sindidzaliiwala. "Flossie, ukufuna ndiphike mpunga wa ukwati kapena wa sadaka ya maliro?"

Kenako anakhala pamchenga n'kulira. Zinawapweteka, chifukwa alongo awowo amawakonda ngati bambo wowabereka. Katatu konse anapita kwa a Hamidu kukawadandaulira kuti akayezetse, katatu konse anabwerera pakhonde. Padoko anthu anayamba kunong'ona kuti shuga wawasandutsa omana. Ena mwa onong'onawo anali atavala zitenje zawo, ine mtima ukuchita kuwira. Mayi Aziza nthawi ikakwana ankadzibaya, n'kudya, n'kubwerera ku thandala.

Ukwati unachitika, unkhoswe ataugwira msuweni wina wa ku Mwadzama amene Nasra sankamudziwa bwino n'komwe. Mwanayo anafunsa mayi ake za amalume ake kawiri. Ine ndinawachitira chisoni, komanso kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuwaona ngati munthu wofewa.

Masana tikuperekeza mkwatibwi, njira inatidutsitsa pakhomo pa a Hamidu. Anali pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde, atatifulatira dala. Nyimbo zinazilala, ine ndinagwetsa nkhope ndi manyazi. Mayi Aziza anaima, n'kundigwira dzanja mwamphamvu.

"Taona, Flossie," anandinong'oneza, misozi ikutsika. "Akwiya nane, inde. Koma si awo ali moyo, akusoka ukonde awo?"