Agogo Anachapa Nsalu za Akashembe

Sopo wochapira akandinunkhira, ndimaona manja a agogo anga aakazi, Anangondo, manja otuwa ndi thovu, osadziwa kukhala pamiyendo. Tinkakhala kumunsi kwa Neno, chakufupi ndi mtsinje wa Lisungwi, ndipo kusanache bwino tinkadzutsidwa ndi tsache lawo likukwasa pabwalo, ndowa zikugundana, utsi wa ndowe zouma ukulowa m'nyumba kuchokera kukhola. Ngakhale m'tchalitchi ankakhala akuthothola ulusi pamalaya a munthu wokhala kutsogolo kwawo. Anthu ankati mayi ameneyu adzasesa ndi m'manda momwe.

Chuma chathu chinali ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, Sitima ndi Bwande, zimene agogo aamuna anasiya. Ngoloyo ndiyo inkatidyetsa, potuta mchenga, nkhuni ndi chimanga cha anthu. Koma m'tchire lotsata mtsinje munali akashembe, ntchentche zoluma ngati singano, zopatsira ng'ombe matenda owondetsa, anthu kaodzera. Agogo ankadana nazo koopsa. "Ntchentche yanji yosaikira mazira, yobereka mphutsi yamoyo ngati munthu? Ndi mfiti imeneyi basi." Madzulo aliwonse ankafukiza utsi kukhola, uku akukupiza ng'ombe pamsana ndi chitenje.

Chaka china alangizi a ziweto, bambo Chikaonda, anabwera ndi nsalu zokhala ndi mbali ya buluu ndi yakuda, n'kuzimangirira pamitengo m'njira yopita kumadzi. Pamsonkhano anafotokoza kuti kashembe amakopeka ndi buluu, n'kutera pakudapo pomwe ananyikapo mankhwala omupha, ndipo pansi pa nsalu iliyonse anapachika botolo la mkodzo wa ng'ombe loitanira ntchentchezo. Agogo kumsonkhanoko anapita, koma ananyamuka uli pakati atakumbukira kuti asiya mphale padzuwa nkhuku zili pabwalo. Chomwe anamvako n'chakuti nsaluzo n'zoteteza ng'ombe, tizisamale.

Anazisamaladi. Patapita miyezi nsalu zija zinada ndi fumbi ndi zitosi za mbalame, ndipo tikamadutsa agogo ankaima, kuziyang'ana, n'kutsonya. M'mawa wina anamasula zonse za kufupi ndi kwathu, anakazipumphuntha pamwala ndi sopo, mabotolo onunkha aja anakhuthula n'kutsuka, kenako anazimangiriranso zitawongoka bwinobwino. Anabwera kunyumba akuimba nyimbo ya kwaya. Ndipo sanalekere pomwepo, fumbi likangoyamba kuoneka ankabwerezanso.

Mvula itayandikira, Sitima anayamba kutsalira pagoli. Ubweya unanyankhalala, nthiti zinaonekera, m'maso munkangotuluka misozi, ndipo masana ankaima mutu uli pansi ngati akusinza. Agogo anasowa mtendere. Ankapita kukhola, kubwerako, kupitanso. Anamuphikira phala la madeya, anamuthirira mchere m'madzi, chakudya chawo chikuzizira pamkeka. Ine ndinkachita mantha, chifukwa ndinkadziwa kuti ngolo siyenda ndi ng'ombe imodzi.

Bambo Chikaonda atabwera anabaya Sitima jakisoni, n'kupempha kuti akaone nsalu. Agogo anatsogola monyadira. Bamboyo anagwira nsalu, anainunkhiza, anayang'ana botolo loyera mbee.

"Amayi, kodi wachapa izi ndani?"

"Ndine. Zinali zochititsa manyazi, bambo. Zinthu za boma zizioneka ngati nsanza za wamisala?"

"Amayi, litsiro lija mwachotsa pamodzi ndi mankhwala. Akashembe akhala akutera apa, kupumula, n'kupita kukaluma ng'ombe zanu."

Kanali koyamba kuona manja a agogo atangoti lende, osagwira kanthu. Kenako anati motsitsa mawu, "Safunsa anadya phula, eti. Koma phula langa yadya ndi ng'ombe ya amuna anga."

Jakisoni uja anabwera mochedwa. Sitima anafa m'mawa wina, Bwande akulira pambali pake. Abambo a m'mudzi atabwera kuti amutulutse m'khola, agogo anawaimitsa. Anatenga ndowa ya madzi ndi kansalu, anagwada m'ndowe momwemo, n'kuyamba kupukuta misozi yomwe inaumira pankhope ya ng'ombeyo.

"Ichi chokha ndisiyeni nditsuke," anatero.

Ndinalira tsiku limenelo, ndipo sindikudziwa ngati ndinkalirira Sitima kapena iwo.

Alangizi anabweretsa nsalu zina. Bwande anapulumuka, tinkamuphatikiza pagoli ndi ng'ombe ya aneba n'kumagawana zopeza. Agogo anasanduka mlonda wa nsaluzo. Akamadutsa pafupi ankapinda manja kumbuyo, nkhope atatembenuzira kwina, n'kufulumiza mapazi ngati akuthawa mayesero. Mwana akangoziyandikira ankamukuwira: "Choka apo iwe! Litsiro limenelo lili pantchito!"

Lero ndimakhala ku Neno boma, ndipo manja awo aja ndinatengera ndine. Ana anga amandiseka kuti ndimatsuka mbale munthu asanamalize kudya. Koma ndikaona chinthu cha eni chitada, zala n'kuyamba kuyabwa, ndimangozindikira manja ndawapinda kumbuyo, ndipo m'maso mwanga mumabwera Sitima atagona m'khola, nkhope yake ili yoyera bwino.