Mafuta a Alamu Anga

Mafuta aja ndinatenga ndine.

Alamu anga a Esinati, mlongo wawo wa amuna anga, ndi achialubino, ndipo mafuta owateteza ku dzuwa amakalandira kuchipatala ku Namitete. Ulendo wina ndinawaperekeza. Anesi anafotokoza kuti dzuwa limawononga khungu m'kati mwenimweni, thupi n'kumadzikonza lokha, koma pena limalephera. Akuti akatswiri anazionera pa mbewa zopanda ubweya. Ine ndinaseka za mbewazo, zina zonse zinandipita.

Zanga zinali zakuti mafuta a munthu woyera ayenera kuyeretsa basi. Kunali chinkhoswe kwa Kabudula, ndipo ndinkafuna kukafika ndikuwala. Ndinatenga kabotolo kawo pawindo, n'kumadzola mobisa kubafa. Nkhope inangotuwa ngati ndachokera kuchigayo.

Inali nthawi yokumba mtedza. Alamu anafunafuna mafuta awo osawapeza, kenako anangovala chipewa n'kupita kumunda. Pofika tsiku lachitatu khosi lawo linali litapsa, matuza okhaokha.

"Alamu, kodi simunandionereko mafuta anga?"

"Mwina mwaiwala pamene munaika," ndinatero, maso ali pa lichero.

Anandiyang'ana pachipumi, pamene mafutawo anali ataundana, n'kunena mofatsa kuti, "Sayeretsatu amenewo. Otsalawo mundiikire pawindo."

Kabotolo ndinabweza, koma mawu oti pepani sanatuluke mpaka lero. Kuchinkhoswe anthu ankandifunsa ngati ndadwala. Chipsera cha pakhosi pawo ndimachiona Lamlungu lililonse, chifukwa kutchalitchi amakhala kutsogolo kwanga.