Njira ya Esinati

Tinanyamuka pa Malosa kusanache, ine ndi a Chikaonda, mphunzitsi wa masamu amenenso amalanga ana ochedwa. Ine ndili m'komiti ya sukulu, mbali ya makolo. Kumaphunziro a makomiti anatiuza kuti tisanaweruze mwana wochedwa, tiziyamba tayenda njira yake, ndipo ine mfundo imeneyi ndinaikakamira ngati nkhupakupa. Chomwe chinkandiwawa ndi nkhani ya Esinati, mtsikana wa Sitandade 8 wa kutsidya kwa mtsinje. Masamu ndi phunziro loyamba, koma iye nthawi imeneyo amakhala akutchetcha udzu ngati chilango cha kuchedwa. Mayeso atsala pang'ono.

"Ndi ulesi basi ana amenewa, mayi," anatero a Chikaonda.

"Tiyeni tikauone kwawo komweko ulesiwo."

Wa kabaza wa njinga yamoto anatitchaja zikwi zitatu tonse awiri podzera msewu wautali wozungulira, nkutichenjezeratu kuti pamatope tizitsika tokha. Tinatsikadi kangapo, penanso tinachita kumukankha. Aphunzitsi ankangoyang'ana nsapato zawo zopolisha.

Kumudzi, m'munsi mwa phiri mbali ya kwa Malemia, tinapeza Esinati atatunga kale madzi, yunifomu ndi makope zili m'jumbo. Mayi ake anatipatsa chinangwa chophika, tinadya tikuyenda. Anzake a Esinati anayamba kutulukira m'tinjira ta m'minda, ndipo liwiro lawo, amayo! Ine mtima unkagunda m'makutu.

Dzuwa likutuluka tinafika pamtsinje. Mvula inagwa usiku kuphiri, mitengo yowolokera inali itapita ndi madzi. A Chikaonda anayang'ana wotchi nkuyamba kupinda buluku.

"Dikirani aphunzitsi," anatero bambo wina wopita kudimba, khasu lili paphewa. "Madzi awa sadziwa belu. Chaka chatha anatsala pang'ono kunditengera mwana."

Tinakhala pamiyala mpaka madzi anaphwerako. Kenako tinawoloka titagwirana manja, ana makope ali pamutu, madzi akulekeza m'chiuno. Kutsidya atsikana anabisala kutchire kukavala yunifomu. Aphunzitsi analibe chosintha, buluku likungodontha.

Pofika kusukulu phunziro loyamba linali litatha kalekale. Anawo sanadikire kuuzidwa, analunjika kuseri kwa ofesi, Esinati patsogolo. Apa mpomwe misozi inalengeza m'maso mwanga, yaukali womwe.

"Mukupita kuti inu?" anakuwa a Chikaonda.

"Kukatenga zikwakwa, sala."

Zaka zonsezi ife a komiti timati ntchito yathu ndi kuumba njerwa ndi kukalipira ana, osadziwa kuti pena imafuna kunyowa kaye. Zomanga mlatho pamtsinjepo ndikalimbana nazo kumsonkhano wa komiti Lachisanu, ndipo sindikagonja.

"Bwererani," anatero aphunzitsi. "Masamu tiziphunzira tikachoka kubuleki, ahedi ndikambirana nawo ndekha. Esinati, kakhale kutsogolo. Tiyambira pomwe unasiyira."

"Sala, ndinasiyira mu Januwale."

"Ndiye tiyambira mu Januwale momwemo."