Mapu a Dimba la Mayi Esnath

Ku Tsangano munthu akati "a Mapu," aliyense amadziwa kuti akunena a Paison Chikaonda. Ndi bambo wamtali, wosayankhulayankhula, woyenda chowerama ngati wataya ndalama. Anagwira ntchito yoyeza malo ku Lilongwe zaka khumi ndi zinayi, kenaka anawachotsa pamodzi ndi anzawo ambiri, ati kuchepetsa anthu. Kumudzi anabwerera ndi kamakina koyezera malo ka m'manja ndi kompyuta yakale, basi.

Mnzawo wapamtima anali a Obed, mphunzitsi wa masamu. Awiriwa analumikiza okha pulogalamu yojambula mapu. Ukaipatsa manambala a m'malire a munda, iyo imakoka mizere mpaka munda wonse kuonekera papepala. Alimi a mbatatesi ankaikhulupirira kuposa munthu, poti makina alibe mlamu. Koma a Obed anamwalira mu Juni, ndipo mvula yoyamba itagwa mphenzi inawotcha kompyuta ya a Paison.

Apa m'pamene panabwera Mayi Esnath, namfedwa wa ana anayi. Alamu awo ankalanda dimba la kumtsinje, ati malire sanali pamenepo. Chonsecho a Paison analiyeza dimbalo mwini wake ali moyo, alamuwo akutsatira pambuyo, akuvomera ndi mutu. Khoti linati Lolemba mapu abwere.

Manambala onse analipo pafulashi, kachipangizo kosungira za m'kompyuta kamene mphenzi sinakakhudze, pulogalamu nayo inalipo. A Paison anabwereka laputopu kwa mlembi wa kutchalitchi, naikamo pulogalamuyo. Inatseguka bwinobwino. Atadina poti ijambule, panangotuluka mzere wa mawu ofiira: draiva sakupezeka. Draiva ndi kafayilo kapadera kamene pulogalamu imakaitana nthawi yojambula. Popanda iko, manambala amangokhala manambala.

Anazimitsa, nayatsanso. Anafufuta pulogalamu yonse n'kuimanganso kuyambira pachiyambi. Mawu ofiira omwewo. Lachisanu lonse linathera pamenepo, zala zitauma ndi kuzizira.

Loweruka m'mawa Mayi Esnath anaima pakhomo, khasu paphewa.

"A Mapu, latuluka dimba langa?"

"Chikukana, mayi."

"Chikukana? Mwachipatsa madeya? Ng'ombe yanga ikakana ndimaikwapula."

Anaseka pang'ono onse awiri, koma maso a mayiwo sanaseke.

Mayiwo atachoka, a Paison anavala magalasi nawerenga mzere wofiirawo mpaka kumapeto, zimene sanachite dzulo lonse. Kumapetoko kunali dzina la Obed. Pulogalamu inkafuna draiva m'foda ya mafayilo imene malemuwo anaitcha dzina lawo. Posunga zinthu pafulashi, a Paison anatenga pulogalamu yokha, fodayo anaisiya, poganiza kuti ndi zaeni. Inapsa ndi mphenzi. Ina inatsala mulaputopu ya a Obed mokha.

Pogawa katundu wa malemu, laputopuyo inagwera achimwene awo, a Bizwell, amene amaonetsa kanema tsidya la msewu, mbali ya Mozambiki. A Paison anawoloka akuthamanga, munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri.

"Za Obed zija?" anatero a Bizwell, akutafuna nzimbe. "Munali zinyalala zokhazokha, achimwene, manambala ndi zizungu. Ndinasesa zonse. Pano muli mafilimu mazana awiri. Khalani pansi muonere imodzi, inu simulipira."

A Paison sanakhale. Lamulungu sanapite kutchalitchi. Anatenga rula ndi pensulo najambula dimbalo ndi dzanja, nambala ndi nambala, mosamala monga anaphunzirira ali mnyamata. Mapuwo anali olondola, ndithu olondola.

Kukhoti alamu aja anangolinyamula pepalalo ndi zala ziwiri.

"Dzanja la munthu ili. Ndani analiona kuti silinakhotere kwa amene linkamumvera chisoni? Aja a makina ali kuti?"

A Paison anafotokoza za draiva ndi foda. Anthu anayang'anana. Wina kumbuyo anakhosomola. Khoti linagawa dimbalo pakati, mbali ya madzi n'kupita kwa alamu.

Kamakina koyezera kaja a Paison anakatsekera m'sutikesi, ndipo akabwera wofuna mapu amamuuza kuti maso anafooka. Mayi Esnath masiku ano amatunga madzi othirira pachitsime cha kumtunda, ndowa makumi awiri patsiku. Akakumana panjira, mayiwo amapereka moni mwaulemu wonse, ndowa ili pamutu. A Paison amayankha akuyang'ana pansi.