Ng'oma Imene Ndinaidzoza Saladi

Amuna anga atamwalira anandisiyira munda, njinga yopanda mabuleki ndi ng'oma. Ndiwo ankaimba ng'oma m'kwaya ya tchalitchi chathu chaching'ono kuseri kwa Mpanshya, ine ndikuvina kutsogolo ndi amayi anzanga. Ng'omayo ndinaisamala kuposa mmene ndinkasamalira eni ake ali moyo. Ndinaiika pakona, n'kuifunditsa kansalu koluka, ndipo Loweruka lililonse ndinkaipaka saladi, mafuta ophikira aja, kuti chikopa chisaume. Inkanyezimira ndithu.

Patapita zaka zitatu, mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera ku Lusaka ndi nkhani ya ukwati. Anati kwaya iimbe ndi kiyibodi yake, koma polowa m'tchalitchi akufuna kumva ng'oma ya atate ake. Ndinavomera pomwepo, paja ine pakamwa pamatsogola, mutu n'kubwera pambuyo. Anyamata a kwaya onse anali atathawira kukiyibodi. Alamu anga, akulu awo a malemu, ndiwo anali katswiri, koma zala zawo zinali zitapindika ndi nyamakazi. Ndinatsala ine, ndi miyezi iwiri.

Ndinaimangirira panjinga n'kupita nayo kwa alamuwo. Anaigogoda kamodzi, inalira ngati munthu wamenya pilo. Anainunkhiza, n'kundiyang'ana.

"Mulamu, mufuna kuiliza olo kuikazinga?"

"Nenze kuisamala chabe."

"Zaka zitatu za saladi? Apa pasala chabe anyezi na tomato."

Chikopa chinali chitalefukiratu, moti tinakhoma china. Ndinaseka nawo, koma pobwerera ndinalira njira yonse. Pachikopa chakalecho panali mawanga awiri akuda pomwe pankagwera manja a amuna anga, ndipo ndine ndinachiwononga ndi chikondi changa chopanda nzeru.

Sabata yoyamba alamu sanandilole kuikhudza. Ankati ng'oma imayambira pakamwa, chimene lilime lalephera dzanja silingachithe. Ndiye ndinkakhala pansi pa mango, mayi wamkulu ndi imvi zanga, n'kumanena kuti "kede-nge, kede-nge, du." Opita kumishoni panjinga ankandipatsa moni wachisoni, uja timapatsa odwala.

Kenako anandiphunzitsa kuiwamba pamoto wa udzu mpaka mawu atakwera, kumenya pakati ndi chikhatho, m'mphepete ndi zala. Manja anatupa moti kutong'ola chimanga kunandikanika. Zimenezo ndinapirira. Chimene chinandigonjetsa n'kuthamanga. Ndinkayamba bwinobwino, koma pofika pakati pa nyimbo ndinkaimba ngati ndasiya ndiwo pamoto.

"Mulamu, uyu ni ukwati, sitipitikisa anyani mumunda," ankatero. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kutatsala sabata imodzi ndinapsa mtima. Ndinakankha ng'oma n'kuwauza kuti miyambi yawo asungire nkhono zomwezo, ine andiuze mmene mng'ono wawo ankawerengera mumtima kuti asathamange.

"Kubelenga? Uja?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Enze kuthamanga kupambana imwe. Ninamuuza ati sankhapo munthu umozi pa bovina, uziyangana mendo yake, osati kwina. Anasankha imwe. Zaka zonse zija enze kukonka mendo yanu."

Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti ndine ndimatsatira ng'oma ya amuna anga. Ndinkawanyogodolanso kunyumba kuti amaimba atazolika ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Iwo ankangomwetulira, osandiuza kanthu. Ndinawakwiyira tsiku limenelo, ndipo ndinawasowa kuposa tsiku la maliro.

Mwana atabwera ndi diresi lake, ndinapeza likukwekwereza pansi. Ndinatenga singano n'kulipinda m'munsi zala zinayi. Anadandaula kuti ndaononga fasho, akwati a masiku ano saonetsa nsapato. Ndinamuuza kuti kuno n'kwa fumbi.

Tsiku la ukwati ndinawamba ng'oma ndekha kuseri kwa tchalitchi. Kiyibodi itakhala chete, mkwatibwi anaima pakhomo, ine ndinazolika. Phazi lake lamanja linaponda, ndinamenya. Lamanzere linachedwa pang'ono, likukoka pansi lisanaponde, ndendende mmene ndimapondera ine. Dzanja langa linafuna kuthamanga, koma ndinalidikira phazilo. Tinayenda choncho, iye kuponda, ine kuyankha, mpaka kuguwa.

Titatuluka alamu anandinong'oneza kuti, "Mwayesako. Koma saladi muzisungila kuphikila ndiyo."

Amayi anzanga amati mwana wanga ankamwetulira misozi ili m'masaya, ndipo ankayang'ana ine njira yonse. Ndimangowakhulupirira. Nkhope yake sindinaione, ndinaona zimene atate ake ankaona.