Ndinachotsa S, Ndinaika O

Ndine ndinayambitsa, ine Dinisi. Musavutike kufunsana pamsika, a Milange anzanga. Amene anasandutsa amayi Conceição kukhala ConceiÃ§Ã£o sabata ino ndine, ndipo tulo ndikugona bwinobwino.

Amalume anga ali ndi kashopu kosindikiza makhadi kufupi ndi malire. Mwana wawo Esnati, amene akuphunzira ku Quelimane, anawalembera kapulogalamu koika mayina pamakhadi. Mzere wake woyamba ndi uwu: #!/usr/bin/perl -CS. Amalume amati mzerewo ndi "odi" chabe, ulibe ntchito. Ine ndinawerenga pafoni kuti ayi. S ameneyo amauza kompyuta kuti zilembo zolowa ndi zotuluka izizitenga mwa UTF-8, kalembedwe kodziwa ç, ã ndi ŵ wathu yemwe. Ukaikapo O, imasamala zotuluka zokha, zolowa imangozimeza osatafuna.

Nditawauza, anati ndikasese pakhomo. Ndiye atapita kukadya ndinachotsa S, ndinaika O.

Oyamba kubwera anali akabaza, kudzatenga makhadi a bungwe lawo. A João anatuluka JoÃ£o. Mukuganiza anakwiya? Anayang'ana, napukuta khadi pamalaya, n'kulikoloweka pakhosi. Akuti mwina ndi mmene makina amalembera masiku ano.

Apa ndi pamene kuseka kunandithera pang'ono. Munthu wamkulu, dzina analandira paubatizo, n'kulola kuti lituluke ngati nyerere zopondedwa? Komatu ndi mmene tilili. Chikalembedwa ndi makina timachotsa chipewa. Kushikola, kuofesi, kulikonse, timangoti kompyuta ndiyo yatero. Anaiuza ndani? Safunsa anadya phula.

Kenako anafika amayi Conceição, mtsogoleri wa amayi a mpingo wa ku Mongue, fumbi mpaka m'mawondo. Anaitanitsa makhadi a msonkhano wawo wa Lamlungu. Anaona lawo, naliika pansi modekha.

"Bambo, ameneyu sindikumudziwa. Mukalephera, ntchito yathu yonse ndiwoloka nayo ku Muloza, tsidya la Malawi."

Ntchito ya mpingo umenewo ndiyo imadyetsa shopu. Amalume anatuluka thukuta. Anasintha inki. Anapemerera pulinta ngati akukoleza moto. Ananena magetsi, ananena vayirasi, anayambanso kukayikira mnzawo wa shopu yoyandikana nayo kuti mwina wayenda usiku. Ine ndili pakona, tsache m'manja, ndikuluma mlomo. Kapulogalamu sanakatsegule n'komwe.

Ataimbira Esnati, iye sanafunse zambiri. Anangoti amuwerengere mzere woyamba. Amalume atafika pa O, mawu a Esnati anamveka shopu yonse: "Ababa, Dinisi ali pompo?"

Ndinalipo. Ndinabweza S amayi Conceição akuonerera, dzina lawo linatuluka lathunthu, kamchira ka ç kali m'malo mwake. Ntchito sinawoloke.

Kupepesa ndiye ayi. Ndikanakhala ine kulibe, tsiku lina wina akanalakwitsa mzerewo mwangozi, a João n'kuyenda chaka chathunthu ndi dzina la mlendo pachifuwa. Ndatsimikiza mtima: aliyense wokhudza kompyuta m'shopu muja aphunzira kuwerenga mzere woyamba, angafune asafune. Inunso, dzina lanu likatuluka lopindika, libwezeni pomwepo. Mukuopa chiyani, pulinta iluma?

Chilango changa chinali kudula makhadi atsopano ndi sizasi, kufunafuna akabaza mmodzimmodzi n'kuwasinthira, kenako kupalasa njinga mpaka ku Mongue kukasiya a amayi aja. Amalume ankayesa ndibwera ndikulira ndi msewu umenewo.

Amayi a mpingo anandikhazika pampando, anandipatsa chinangwa ndi tiyi wamkaka, ena mpaka kundiuza kuti ndiwaonetse pafoni pamene ndinakhudza. Ndinabwerera ndi nkhuku pakaliyala. Amalume ataiona anati ndi ya shopu. Ndawauza kuti tikambirana akaloweza mzere woyamba.